Mbasela ya ku banki, ndani amailipila?

Mbasela tonse tiidziwa. Ukagula tomato pa Soweto kapena kapenta pa City Market, amai ogulitsa amaponyapo kena pamwamba kuti mawa ukabwelenso kwa iwo. Kulibe fomu yosaina, kulibe tsiku lakuti yatha nchito. Waiona ndi maso, wapita nayo kunyumba, madzulo yalowa mu mphika. Koma kuli mbasela ina imene siilowa mu mphika, ya mabanki ndi makampani a ndeke. Amaicha mapointi kapena ma miles, ndipo imabwela ndi khadi la nkhongole, lija timati credit card. Imeneyi ndiye ndifuna tiiyang'anitsitse lelo.

Ndidziwa ena muti, "Ba mlembi, ise tikwela basi ya ku Matero, za ndeke zitikhudza bwanji?" Zikukhudzani, mwandi. Pa mafoni amene timasuzumila basi ikaima mu jamu ya pa Lumumba pamabwela mavidiyo a anyamata atagona pa mpando wa business class, ati ulendo wonse sanalipile olo ngwee. Ambili tili ndi mwana, mlongo kapena mlamu ku America kapena ku UK amene mabanki amamunyengelela ndi makhadi amenewa. Ndipo kuno kwathu, munthu akangoyamba kulandila salale yooneka, sipapita nthawi asanamve za khadi la "gold" kapena la "platinum". Conco n'kwabwino kudziwa mmene malonda amenewa amayendela tisanagwile bolopeni.

Kwao kwa malonda amenewa ndi ku America. Mu 1981 kampani ya American Airlines inayambitsa pulogalamu yochedwa AAdvantage: ukwela ndeke zawo, akulembela ma miles, akaculuka akupatsa tikiti. Pambuyo pake mabanki analowamo. Anayamba kugula ma miles kwa makampani a ndeke n'kumagawila anthu osewenzetsa makhadi awo, cakuti munthu anayamba kupeza ma miles pogula mafuta a motoka ndi zakudya, ndeke osaikwela n'komwe.

Nyambo yaikulu ndi bonasi yolowela. Mu August 2016 banki ya Chase inatulutsa khadi lochedwa Sapphire Reserve. Inalonjeza mapointi 100,000 kwa aliyense amene adzagula zinthu za madola 4,000 ndi khadilo m'miyezi itatu yoyamba. Mapointi amenewo anali madola 1,000 ukawasintha kukhala ndalama, kapena madola 1,500 ukagulila ulendo kupitila ku bankiyo. Anthu anathamangila mpaka makhadi acitsulo anatha, banki n'kuyamba kutumiza apulasitiki. Ndalama yolipila pa caka kuti ukhale nalo inali madola 450. Pofika mu 2025 inakwela kufika pa madola 795, ndipo ya khadi la Platinum la American Express inafika pa madola 895. Imeneyo ndi ndalama yongosungila khadi m'thumba, usanagule kanthu. Pofuna kuti isawawe, amaikapo zokometsela: cipinda ca apamwamba copumilamo pa bwalo la ndeke, inshuwalansi ya paulendo, ndi kukubwezelako ndalama zina za tikiti kapena hotela.

Manje funso langa ndi ili: banki si chalichi, nanga mbasela yonseyi imaitenga kuti? Zitsime zake ndi zitatu.

Coyamba ndi wogulitsa. Khadi likapita pa kamakina ka mu shopu, mwini shopu salandila ndalama yonse. Pali kena kamene kamadulidwa, ndipo gawo lalikulu la kameneko limapita ku banki imene inapeleka khadilo. Ku America kamakhala pafupifupi madola awili pa madola 100 alionse, ndipo pa makhadi a apamwamba kamakwelelapo. Mwini shopu sangalole kuluza, amaikako pa mtengo wa katundu. Mtengo ndi umodzi kwa onse. Ndiye kuti wogula ndi kashi amalipilako, koma mapointi amapita kwa mwini khadi cabe.

Caciwili ndi ndalama ya pa caka ija. Zokometsela zimaoneka zambili pa pepala, koma banki idziwa kuti si onse adzazisewenzetsa. Cipinda copumilamo pa bwalo la ndeke cili ndi phindu lanji kwa munthu amene amauluka kamodzi pa caka?

Cacitatu, cimene ndico citsime cakuya, ndi ciwongola dzanja. Khadi limeneli ndi nkhongole. Ukabweza zonse tsiku lolipila lisanapite, sulipila ciwongola dzanja pa zimene unagula. Ukasiyako, mita iyamba kuwelenga. Ku America mu 2023 ndi 2024 ciwongola dzanja ca makhadi amenewa cinali kupitilila 20 pelesenti pa caka. Munthu amene wathamangitsa madola 4,000 kuti apeze bonasi, n'kulephela kubweza, pa caka cimodzi adzalipila pafupifupi madola 800 a ciwongola dzanja cokha. Onjezani ndalama ya pa caka, mudzaona kuti bonasi yonse yabwelela kumene inacokela.

Izi si zongoganizila. Mu 2023 akatswili a zacuma, ena a iwo ocokela ku Federal Reserve, banki yaikulu ya dziko la America, anatulutsa zotsatila za kafukufuku wawo pa makhadi a mapointi. Anapeza kuti caka ciliconse madola pafupifupi 15 biliyoni amasamuka kucoka kwa anthu osaphunzila kwambili kupita kwa ophunzila, kucoka m'madela osauka kupita m'madela olemela. Amene amasiya nkhongole ndiwo amadyetsa amene amabweza zonse. M'cinyanja ca pa basi tingati komboni ikugulila mayadi tikiti ya ndeke.

Makampani a ndeke nawonso anapezapo mgodi. Mu 2020, Covid-19 itaimitsa maulendo, kampani ya United inakongola madola 6.8 biliyoni ndipo ya Delta inakongola madola 9 biliyoni. Cikole cake sicinali ndeke ai, cinali mapulogalamu awo a ma miles. Mu 2023 mokha, Delta inalandila madola oposa 6 biliyoni kucokela ku American Express. Kampani ikamapeza ndalama zotele pogulitsa mapointi, dziwani kuti mapointiwo si mphatso, ndi katundu.

Ndipo katundu ameneyu mtengo wake suli m'manja mwanu. Mukapatsa kondakita K100 iye n'kuti, "Chenji nizakupasani pasogolo, bakamba," mtima sukhala pansi mpaka chenjiyo ifike m'manja. Mapointi ndi chenji imene ikali m'thumba mwa kondakita. Kusiyana kwake n'kwakuti kondakita uyu ali ndi ufulu wokweza mtengo wa ulendo muli pakati pa njila. Ulendo umene lelo ufuna ma miles 50,000, caka camawa angakuuzeni kuti ufuna 70,000, ndipo mulibe kokadandaula cifukwa munasaina. Mu 2015 Delta inacotselatu ndandanda yoonetsa ma miles ofunika pa ulendo uliwonse. Ma miles ena amatha nchito pakapita zaka zocepa. Tikiti yochedwa yaulele imakhalabe ndi misonkho yolipila ndi ndalama zeni-zeni, ndipo mipando yake imakhala yocepa, maka-maka mu December pamene aliyense afuna kubwela kumudzi. Kwa anthu ambili ma miles amasanduka "mailo, mailo", ulendo osacitika.

Dziwaninso kuti zimene muona m'mavidiyo aja ndi za dziko limodzi. Mu 2015 European Union inaika malile pa ndalama ija imene banki yopeleka khadi imalandila wogula akalipila: 0.3 pelesenti pa khadi la nkhongole ndi 0.2 pelesenti pa khadi la ndalama zako zomwe. Ndiye cifukwa cake makhadi ambili a ku Europe ndi ku UK sapeleka mabonasi aakulu ngati a ku America. Mbasela yaikulu imacokela ku kudula kwakukulu. Komanso makhadi a ku America aja amafuna adilesi ya kumeneko ndi mbili ya mmene wakhala ukubwezela nkhongole kumeneko. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mum'tumizile kandalama akutsegulileni limodzi muli ku Chawama, gwilani thumba lanu.

Tibwele kwathu, tiwelenge m'makwacha. Izi ndi nambala zongoyelekezela, inu mukaikemo za banki yanu. Tinene kuti khadi likubwezelani K1 pa K100 iliyonse, ndipo mumagula zinthu za K5,000 pa mwezi. Mbasela yanu ndi K50 pa mwezi, K600 pa caka. Ngati ndalama yosungila khadi ndi K600 pa caka, mwagwila nchito yaulele. Manje tinene kuti mwezi wina kwagwa malilo, kapena mwana afunika za kusukulu, K5,000 ija simunaibweze, ndipo ciwongola dzanja ndi K3 pa K100 iliyonse pa mwezi. Mudzalipila K150 pa mwezi umodzi, mbasela ya miyezi itatu yapita. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Mukacedwa-cedwa kulipila, dzina lanu lipita ku CRB, kumene mabanki amaonela mbili ya okongola malinga ndi lamulo la Credit Reporting Act la mu 2018. Tsiku limene mudzafuna loni ya malata kapena ya puloti, mbili imeneyo idzakulandilani pa khomo.

Sindikuti makhadi amenewa ndi oipa kwa aliyense. Alipo amene amapindula nao. Amai amene amauluka kawili-kawili kukagula katundu ku Dubai, ku Guangzhou kapena ku Johannesburg, amene ndalamazo anali kudzazisewenzetsa ndithu, ndipo amabweza zonse mwezi ulionse, kwa iwo mapointi ndi mbasela yeni-yeni. Koma onani zinthu zitatu zimenezo: ayenda kawili-kawili, sagula cifukwa ca mapointi, sasiya nkhongole. Cimodzi cikasowa, masamu asintha. Ndipo ngati mumakwela ndeke pa Kenneth Kaunda International Airport olo kamodzi pa caka, simufunika khadi la nkhongole kuti muzilembeledwa ma miles. Kulembetsa ku Skywards ya Emirates, ku ShebaMiles ya Ethiopian Airlines kapena ku Privilege Club ya Qatar Airways n'kwaulele. Sankhani kampani imodzi imene mumakwela kwambili, muzipeleka nambala yanu pogula tikiti, basi.

Kwa amene muli ndi fomu pa thebulo, kapena mbale wanu wa kunja wakufunsani nzelu, ndikupemphani kuti mufunse mafunso awa musanasaine. Ndidzalipila zingati pa caka, olo khadi lingokhala m'dilowa? Kuti ndipeze bonasi ndifunika kugula za zingati, m'miyezi ingati, ndipo kodi ndi zinthu zimene ndinali kudzagula kale? Ndikasiya K1,000 osabweza, mwezi wamawa idzakhala zingati? Pointi imodzi ndi ngwee zingati, ndipo imatha liti? Ndikagula cinthu ca m'madola kapena ndikatapa kashi pa ATM, mudzandidula zingati? Wa ku banki akayamba kuzungulila, muuzeni alembe mayankho pa pepala m'makwacha, mupite nalo kunyumba, mugone nalo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati munthu afunika kugula TV imene sanali kuifuna kuti akwanitse bonasi, ameneyo sanapatsidwe kanthu, wagula mapointi pa mtengo wa TV.

Mau anga otsiliza apite kwa mabanki athu ndi kwa amene amawayang'anila. Mu 2018 Bank of Zambia inaletsa mabanki kulipilitsa makasitomala ndalama zina zopanda cifukwa comveka, ndipo ambili tinaomba m'manja. Mtima womwewo ufike pa malonda a makhadi. Cikwangwani ciliconse colonjeza mapointi cionetsenso, ndi zilembo zazikulu mofanana, ndalama ya pa caka ndi ciwongola dzanja ca pa mwezi m'makwacha. Banki ikafuna kusintha mtengo wa mapointi, idziwitse anthu nthawi ikalipo kuti asewenzetse amene anasonkhanitsa. Ndipo wogulitsa khadi azifotokoza m'cinenelo cimene kasitomala amamva, kaya ndi Cinyanja, Cibemba kapena Citonga. CCPC, bungwe loteteza ogula, nalonso lisakhale kutali ndi nkhaniyi.

Kufuna kukwela ndeke si mlandu. Ambili a ife timakweza maso ikamadutsa pamwamba pa Chelstone, ndipo palibe colakwika. Koma njila yofikila kumeneko imene ilibe mbuna ndi ija tiidziwa kale: kusunga pang'ono-pang'ono, cilimba codalilika, ndi kugula tikiti nthawi ikalipo. Khadi la mapointi lingathandize munthu amene ndalama ali nazo kale. Amene alibe, limam'bweleka mapiko n'kum'lipilitsa lendi mwezi ulionse.