Musagule ampulifaya chifukwa cha manyazi

Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi anagula mahedifoni a Audio-Technica ATH-M50x. Sabata isanathe, akatswiri a pa YouTube anali atamuuza kale kuti popanda ampulifaya wangotaya ndalama. Tsopano akufuna kudula ya chakudya kuti aitanitse kabokosi kameneko. Ndamuletsa, ndipo nanunso ndikukuletsani.

Ampulifaya si mankhwala okometsera nyimbo. Ntchito yake ndi kupereka mphamvu ya magetsi yokwanira kuti timasipika ta m'mahedifoni tinjenjemere bwino, mawu asaphwanyike. Laputopu yanu ili nako kale kaampulifaya m'kati, foni yokhala ndi bowo la mahedifoni chimodzimodzi. Nkhani ndi yakuti kakukwanira kapena ayi, ndipo yankho silili pa mtengo wa mahedifoniwo. Lili pa manambala awiri amene opanga amalemba: impedance, yoyezedwa mu ma ohm, ndi sensitivity, yonena kuti amalira mokweza bwanji akapatsidwa mphamvu yochepa.

A mnzangayu ndi a ma ohm 38 ndipo salimba kuliza. Laputopu imawakwanitsa mpaka makutu kuwawa. Ampulifaya iwonjezerapo chiyani?

Sindikukana, alipo ofunadi thandizo. Sennheiser HD 600, amene anatuluka mu 1997, ndi a ma ohm 300, ndipo pa foni yofooka amamveka ngati wailesi ya kwa aneba. HiFiMan Susvara ali ndi ma ohm 60 okha, koma sensitivity yawo ndi yotsika kwambiri moti amafuna ampulifaya yamphamvu. Koma taonani Beyerdynamic: DT 770 Pro amawapanga a ma ohm 32, 80 ndi 250, kuti wa foni asankhe ake, wa mu situdiyo asankhenso ake. Kampani yeniyeniyo ikuvomereza kuti si aliyense afunika kabokosi.

Nanga amene amalumbira kuti atagula ampulifaya nyimbo zinatseguka? Khutu limanyengeka: nyimbo ikakwera pang'ono, timaganiza kuti yakoma. Ndiponso munthu akalipira zambiri safuna kuvomera kuti sakumva kusiyana. Yesani nokha. Fananizani kukwera kwa mawu mbali zonse ziwiri, tsinzinani, mnzanu azisintha waya osakuuzani. Mukalephera kuloza, ndalama yanu isungeni.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti ambirife timamvera ma MP3 a 128 kbps amene adutsa m'mafoni khumi. Zimene zinadulidwa popanikiza nyimboyo, ampulifaya singazibweze. Ndiwo zikasasa, kusonkhezera moto sikuthandiza.

Choncho yambani mwapeza nyimbo zojambulidwa bwino. Ngati foni yanu ilibe bowo, kawaya ka Apple ka madola 9 kamakwanira mahedifoni ambiri. Mawu akakhalabe otsika mutakweza mpaka pamapeto, kapena akamaphwanyika ng'oma ikagunda, apo gulani ampulifaya. Koma kugona ndi njala kuti anthu osakudziwani a pa intaneti akuwerengereni, ayi. Mnzangayu wadya nsima usiku uno, ndipo mahedifoni ake akulira bwinobwino.