Laputopu isatayidwe chifukwa cha nambala ya pa katoni

M'mashopu ogulitsa makompyuta ndi pakati pa amisiri ena okonza zipangizozi mukumveka mawu amene afala mpaka anthu asiya kuwafunsa. Akuti kugula khadi la ExpressCard pofuna kuti laputopu yakale ikhale ndi mapoti a USB 3.0 n'kutaya ndalama, chifukwa makina akalewo sangafike pa liwiro lolembedwa pa katoni, choncho munthu wanzeru angosonkha ndalama n'kugula laputopu ina. Zoti makina ambiri akale safika pa liwirolo n'zoona. Zoti pa chifukwa chimenecho khadilo n'lopanda ntchito ndiye zolakwika, ndipo kulakwikako kukuwonongetsa ndalama anthu amene alibe zambiri. Khadili siliyenera kuyezedwa ndi nambala ya pa katoni. Liyezedwe ndi liwiro limene mwini laputopu ali nalo lero, komanso ndi liwiro la hard drive imene akufuna kulumikiza.

Tiyambe ndi chifukwa chake makina abwinobwino alibe poti yabuluu ya USB 3.0. USB 2.0 inakhazikitsidwa mu 2000, ndi liwiro la mamegabiti 480 pa sekondi. USB 3.0 inamalizidwa mu Novembala 2008, ndi magigabiti 5 pa sekondi, ndipo mu 2009 kampani ya NEC ya ku Japan inatulutsa chip yoyamba yoyendetsa mapoti amtunduwu. Intel ndiyo inazengereza: sinaike USB 3.0 m'ma chipset ake mpaka 2012. M'zaka za pakatizo, kampani yopanga laputopu ikafuna potiyo inkayenera kugula chip yapadera n'kuimata pa bodi, ndipo pa makina ambiri anaona kuti ndalama imeneyo aipulumutse. N'chifukwa chake ThinkPad T410 ya 2010, T420 ya 2011 ndi Dell Latitude E6410, makina olimba a m'maofesi okhala ndi Core i5, anatuluka opanda USB 3.0. Ndi makina a mtundu umenewu amene, atapumitsidwa m'maofesi a kunja, anadzaza mashopu a kaunjika ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka. Chimene chikusowa m'makinawa ndi chip imodzi basi. Malaputopu ambiri a zaka zomwezo amene anatuluka ndi USB 3.0 anali ndi chip ya NEC, kapena ya Renesas imene inatenga nthambi ya NEC yopanga ma chip mu 2010, yolumikizidwa ku njira imodzi ya PCI Express. Khadi tikunenali ndi chip ya mtundu womwewo, yolumikizidwa ku njira ya mtundu womwewo. Kusiyana kwake n'koti yakutidwa m'kachitsulo ndipo imalowera m'mbali mwa laputopu m'malo momatidwa pa bodi. Amene akunyoza khadili akunyozanso USB 3.0 ya m'malaputopu odula a nthawiyo, kaya akudziwa kaya ayi.

Bowo la ExpressCard linayambitsidwa mu 2003 ndi bungwe la PCMCIA kuti lilowe m'malo mwa PC Card yakale. Makhadi ake ali pawiri, a mamilimita 34 m'lifupi ndi a mamilimita 54, ndipo laling'onolo limalowa m'bowo lalikulu pomwe lalikulu silingalowe m'laling'ono. M'kati mwa bowolo muli njira ziwiri zopita ku bodi: ya USB 2.0 ndi ya PCI Express. Khadi la USB 3.0 limadzera ku PCI Express, ndipo mkangano wonse wagona pamenepa. Pa makina a 2010 ndi a m'mbuyo mwake, njirayi imayenda magigabiti 2.5 pa sekondi, theka la zimene USB 3.0 imalonjeza. Mwa mabiti 10 alionse odutsa pa waya, 8 okha ndiwo katundu weniweni, choncho pamwamba pake ndi MB 250 pa sekondi, ndipo mukachotsa zina zoyendetsera ntchito pamatsala zosakwana 200. Pa makina a 2011 monga T420 ndi X220 njirayi ikhoza kuyenda magigabiti 5, koma tisakometse nkhani, tiyeni tikhale pa makina ofookawo, popeza ndiwo amene otsutsa amakonda kuloza.

Akuti zosakwana 200 pomwe katoni ikunena zoposa kawiri pamenepo ndi chinyengo. Koma mwini laputopuyo akuchokera pati? USB 2.0 pa pepala ndi MB 60 pa sekondi, koma pa ntchito yeniyeni imathera pakati pa 30 ndi 40. Ngakhale khadilo litangopereka 150, ndiye kuti liwiro lakwera kanayi. Ndiye pali funso limene otsutsa amalidumpha: n'chiyani chikulumikizidwa ku potiyo? Hard drive yaing'ono yonyamula m'chikwama, ya mainchesi 2.5 yozungulira ka 5,400 pa mphindi, imawerenga ndi kulemba chapafupi ndi MB 100 pa sekondi ikamakopera mafayilo akuluakulu. Singapitirire kwambiri pamenepo ngakhale mutailumikiza ku laputopu yogulidwa dzulo. Ngolo imayenda pa liwiro la ng'ombe yofooka mwa ziwiri zimene zili pa goli. Pa USB 2.0 yofookayo ndi poti. Khadi likalowa, yofooka imakhala hard drive, ndipo kuyambira pamenepo ndalama iliyonse yowonjezera liwiro la poti siisinthanso kanthu. Munthu amene wagula laputopu yatsopano kuti azikopera msanga ku hard drive yomweyo adzapeza mphindi zofanana ndi za mnzake amene anangogula khadi.

Mphindizo tiziwerenge. Wojambula mavidiyo a maukwati amene ali ndi GB 50 zoti asamutse amadikira pafupifupi mphindi 24 pa MB 35 pa sekondi. Pa MB 100 amadikira mphindi 8 ndi pang'ono. Kusunga hard drive yonse ya GB 500 kumatenga pafupifupi maola 4 pa liwiro loyambalo, ndipo pa lachiwiri sikukwana ola ndi theka. Kumene magetsi amazima osatsanzika, ndipo batire la laputopu ya zaka zoposa 10 silisunga moto nthawi yaitali, kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti ntchito ithe kapena idukire panjira. Komanso anthu ambiri sasunga mafayilo awo kawiri chifukwa chotopa ndi kudikira, mpaka tsiku limene hard drive yafa ndi ntchito ya chaka chonse.

Chotsutsa cholimba kwambiri si cha liwiro ayi, n'cha magetsi, ndipo ichi tiyenera kuchilandira. Poti ya USB imapereka mavoti 5, USB 2.0 imafika mamiliampu 500 ndipo USB 3.0 imafika 900. Bowo la ExpressCard lilibe mavoti 5. Limapereka 3.3 ndi 1.5, choncho khadi limayenera kukweza lokha mphamvuyo kuchokera pa zochepa zimene lalandira. Zotsatira zake amisiri amazidziwa: fulashi imagwira bwino, koma hard drive yodalira poti pa magetsi ake imangolira kuti tche tche osadzuka, kapena imaduka pakati pa ntchito. Anthu ambiri amene amati makhadiwa ndi achabe anakumana ndi vuto limeneli. Komabe opanga makhadi analidziwa kale, n'chifukwa chake ambiri ali ndi kabowo kakang'ono ka magetsi ndi kachingwe kokatenga mavoti 5 ku poti ina ya USB 2.0 pa laputopu yomweyo. Chingwe cha mitu iwiri cha hard drive chimathandizanso chimodzimodzi, ndipo hard drive yaikulu yokhala ndi adaputala yakeyake vutoli siliikhudza n'komwe. Wogulitsa akakupatsani khadi lopanda kachingweko osakuuzani chilichonse, vuto ndi wogulitsayo. Kunena zoona, kulumikiza ma hard drive awiri odalira poti pa khadi limodzi n'kufuna zambiri, ndipo amene ntchito yake ndi imeneyo agule hub yokhala ndi magetsi akeake.

Ena amati makhadiwa amavuta ma driver. Zinali choncho pa Windows 7, imene inatuluka yosadziwa USB 3.0 ndipo inkafuna ma driver a kampani yopanga chip. Kuyambira pa Windows 8 mu 2012 ma driver amabwera m'kati mwa Windows momwemo, ndipo Linux inayamba kale mu 2009 ndi kernel 2.6.31. Makhadi okhala ndi chip yodziwika, monga Renesas µPD720202, kawirikawiri amagwira akangolowetsedwa. Chimene khadi silingachite pa makina ambiri akale n'kuyatsa kompyuta kuchokera ku fulashi, chifukwa BIOS yake siidziwa chip imeneyo. Woika Windows kapena Linux yatsopano agwiritse ntchito poti yakale, ndipo zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo. Nkhani yaikulu ndi yoti Microsoft inasiya thandizo la masiku onse la Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 komanso, pa makina a Intel, purosesa ya m'badwo wa 8 kapena kuposa, zimene makina a 2010 alibe. Ichi ndi chifukwa chomveka choti ofesi yosunga ndalama kapena zinsinsi za anthu isinthe makina. Koma ndi nkhani ya chitetezo cha mapulogalamu, ndipo ili ndi yankho lake mu Linux, imene imayenda bwino pa makina amenewa. Kuisakaniza ndi nkhani ya mapoti n'kusokoneza wogula.

Pali malo amene khadi silithandizadi, ndipo tiwatchule kuti wina asapite kukagula zosamuyenera. Fulashi yotchipa ya USB 2.0 idzakhalabe yochedwa pa poti iliyonse. Laputopu imene imachedwa kuyaka ndi kutsegula mapulogalamu ikudwala matenda ena, ndipo mankhwala ake ndi SSD ndi RAM. Amene ali ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha ayambe ndi SSD. Makina ambiri a m'maofesi a zaka zimenezo ali ndi poti ya eSATA, yofika magigabiti 3 pa sekondi, ndipo amene ali ndi bokosi la hard drive lolandira eSATA sakufunika khadi. Malaputopu ambiri otchipa ndi opyapyala analibe bowo la ExpressCard n'komwe, ndipo Apple inalichotsa pa MacBook Pro ya mainchesi 15 mu 2009 n'kuikapo la SD. Chinyengo chenicheni pa msika chili pena: hub yabuluu ya USB 3.0 yogulitsidwa ngati njira yowonjezera liwiro. Ikalumikizidwa ku poti ya USB 2.0 imachulukitsa mabowo koma liwiro limakhala lomwelo, ndiponso zipangizo zonse zimagawana lochepalo. N'kutheka kuti mbiri yoipa ya makhadi yakula chifukwa anthu amaika hub ndi khadi m'gulu limodzi, pomwe khadi limadutsa njira ina kotheratu.

Langizo loti "ingogulani yatsopano" limatuluka mopepuka pakamwa pa amene sakulipira. Kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo laputopu iliyonse imalowa m'dziko muno ndi ndalama zakunja zimene zikusowa. Khadi nalo limachokera kunja, koma mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa laputopu, ngakhale ya kaunjika. Kwa wophunzira wa pa koleji, mphunzitsi, kapena mnyamata woika nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi a anthu pa msika, kusankha sikuli pakati pa makina akale ndi atsopano, koma pakati pa makina akale ochedwa kukopera ndi makina akale omwewo okopera katatu msanga. Ndiponso laputopu yotayidwa siisungunuka. Lipoti la mabungwe a ITU ndi UNITAR la 2024 linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo 22.3 peresenti yokha ndiyo inalembedwa kuti inasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Kompyuta yogwira ntchito siyenera kulowa pa mulu umenewo chifukwa cha chip imodzi.

Inu amene muli ndi makina otere, yang'anani m'mbali mwake musanatulutse ndalama. Bowo la ExpressCard nthawi zambiri limakhala lotsekedwa ndi kapulasitiki kotuluka mukakakankha, kapena ndi kachitseko kopindikira m'kati. Musalisokoneze ndi kampata kopyapyala ka smart card kapena bowo la PC Card, ndipo muone ngati ndi la 34 kapena 54. Funsani dzina la chip ya m'khadilo, onetsetsani kuti kachingwe ka magetsi kalipo, ndipo mupite ndi laputopu ndi hard drive yanu kuti mukopere fayilo yaikulu pomwepo pa kauntala, koyamba pa poti yakale, kenako pa khadi. Wogulitsa akakana kuti muyese, musagule kwa iye khadi, ndipo laputopu yatsopano imene akukulozerani musagulenso kwa iye.