Musathamangire kufufuta zithunzi mufoni

Foni ikangolemba kuti malo atha, Google Photos imakupatsani batani lochotsera mufonimo zithunzi zonse zimene zakwera kale pa intaneti. Ine ndikuti batani limeneli lisamadinidwe mwachisawawa kuno ku Bua. Amene analikonza ankaganizira munthu wa intaneti yosaduka, osati msodzi wa usipa kapena mlimi wa mpunga amene amagula bandulo ya Airtel kapena TNM ya tsiku limodzi. Chithunzi chikachoka mufoni, kuti muchionenso bwinobwino pamafunika netiweki ndi bandulo. Ndiye kuti mwalipira pochikweza, mudzalipiranso pochitsitsa.

Komanso nkhokwe ya pa intanetiyo ndi ya eni ake, malamulo ndi awo. Google imapereka 15 GB yaulere, yomwe Gmail, Drive ndi zithunzi zimagawana. Kuyambira pa 1 June 2021 zithunzi zatsopano zimawerengedwa pamalo omwewo, ndipo lero ngakhale zosungira za WhatsApp pa Android zimadya pomwepo. Kampaniyi idalengezanso mu 2023 kuti akaunti yokhala zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito ikhoza kufufutidwa. Tsono taganizirani: anthu angati akaunti yawo adawatsegulira ndi wogulitsa foni pamsika, eni ake osadziwa n'komwe pasiwedi? Foni ikafa, munthu wotere zithunzi zake zilipo ndithu, koma sangazifikire.

Wina anena kuti kunyanja kuno foni zimagwera m'madzi, zimabedwa, ndipo madzi osefukira ngati amene adavuta m'boma la Nkhotakota mu 2024 sasankha katundu. Memori khadi imapita limodzi ndi foniyo. Zoonadi, ndipo n'chifukwa chake sindikuti intaneti tiitaye. Ndikuti tizisankha zokwezako. Chithunzi cha chitupa cha unzika, malisiti a mpunga wogulitsa pangongole, mapepala a munda, nkhope ya agogo amene adatisiya: izi zikwere pa intaneti, zikhalenso mufoni ndi pa khadi, pasiwedi italembedwa m'kope kunyumba. N'zochepa, sizingamalize bandulo.

Chimene chimadzaza ma itel ndi ma Tecno athu kawirikawiri si zinthu zofunikazi ayi. Ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, a kutchalitchi, a kumzikiti, a mpira, amene amadzitsitsa okha munthu asanawafune, vidiyo imodzi kubwera kuchokera m'magulu atatu. Kuletsa kudzitsitsa kumeneku sikulira ndalama, ndipo mu WhatsApp momwemo muli malo oonetsa mafayilo akuluakulu kuti muwachotse. Koma pofufuta chenjerani: mukafufuta chithunzi muli m'kati mwa Google Photos, chimachoka mufoni ndi pa intaneti pomwe. Ogulitsa ndi okonza foni pa Bua ndi pa boma azifotokozera makasitomala awo zimenezi, ndipo aziwapatsa pasiwedi yawo m'manja asanachoke pa shopu.