Mapiri amene agogo anaunjika ku Joni

Ku Modderfontein, pafupi ndi kuno ku Edenvale, kuli nyumba yosungira mbiri ya fakitale ya dayinamaiti yomwe inatsegulidwa mu 1896. Zophulitsira miyala tikuzikumbukira, nanga ophulitsawo? Ine ndikukana kuti mbiri ya migodi ithere pa makina ndi mabwana. Mapiri achikasu a East Rand sanawalenge Chauta. Ndi dothi lofukulidwa pansi ndi anthu, ena mwa iwo agogo athu a Wenela, amene ankabwerera kumudzi ndi wailesi, njinga ndi chifuwa chosamva mankhwala. Lero kampani ya Ergo ikugumula mapiriwo ndi madzi, kusefa golide wotsalira. Amalawi 74 aja anafa pa ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974, akuchokera kumigodi, mayina awo tikawawerenge pakhoma liti?