Liu Limodzi, Matanthauzo Atatu

Anzanga a pa sukulu, ambiri a ife tili ndi chizolowezi chongolota tanthauzo la liu lachilendo poyang'ana maonekedwe ache. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi nchoopsa, ndipo mboni yanga ndi liu lakuti gift.

Tonse tidziwa kuti m'Chingerezi gift ndiyo mphatso, ndipo ambiri kuno kwathu ali ndi dzina lomweli. Koma ku Germany mukaona botolo lolembedwa Gift musalawe ai, pakuti m'menemo muli chiphe. Ku Sweden nako gift ndi chiphe, komanso ndi liu lonena munthu wa pabanja. Akati han är gift, ndiye kuti mwamunayo ngwokwatira.

Kodi zinatheka bwanji? Gwero lache ndi limodzi, ndilo mneni wakuti kupatsa: geben m'Chijeremani, ge m'Chiswidishi. Kalekale Ajeremani akati Gift ankanena chinthu chopatsidwa. Pambuyo pache anatsanzira liu la Chigriki lakuti dosis, limene litanthauzanso kupatsa, ndipo asing'anga ankatchula nalo muyeso wa mankhwala opatsa wodwala. Pang'onopang'ono Gift anasanduka mankhwala akupha. Nafenso tikati "amdyetsa mankhwala" sitinena za kuchipatala ai. Aswidishi anabwereka tanthauzo la chiphe kwa Ajeremani, koma la ukwati ndi laolao, chifukwa makolo ankapereka mwana wao wamkazi kwa mwamuna. Mpaka lero kukwatira amati gifta sig.

Tsono galamala ndiyo itilekanitsira mauwa. M'Chijeremani chiphe ndi das Gift, m'gulu la maina osakhala aamuna kapena aakazi. Koma die Mitgift, chuma chimene mkwatibwi apita nacho ku banja, ndi dzina la m'gulu lachikazi, ndipo lasungabe tanthauzo lakale lija la kupatsa. M'Chiswidishi chiphe ndi dzina: chimodzi ett gift, zambiri gifter. La ukwati ndi mfotokozi: mmodzi gift, ambiri gifta.

Wina adzati, "Mayeso athu ndi a Chingerezi, nanga za Ajeremani zitithandiza chiani?" Ndiyankha kuti wolota pa liu ili adzalotanso pa mayeso. Mawa ena a ife adzakhala anamwino owerenga mabotolo ochokera kunja, ena omasulira m'bwalo la milandu, ndipo kumeneko liu limodzi likhoza kupha kapena kumangitsa munthu. Chotero tisachite ulesi kutsegula dikishonale ndi kufunsa aphunzitsi kumene liu linachokera. Akulu anati safunsa anadya phula.