NKHANI ZA PAKHOMO: Njira Zachete za Okwera Njinga

Mwezi uno tifuna tikambirane za njinga yakapalasa, makamaka za njira zimene njingayo iyenera kudzeramo. Nkhaniyi yatifikira chifukwa cha zimene tiona m'maŵa uliwonse pa mseu waukulu wa M12, uja uchokera ku Lilongwe kudzera ku Chitedze, kuno ku Mpingu, ku Msundwe ndi ku Namitete, mpaka kukafika ku Mchinji ndi ku malire a dziko la Zambia. Pa mseu umenewu ana a sukulu, amayi onyamula ndiwo zamasamba, ndi abambo omanga matumba a makala kufikira kumutu, onse apalasa m'mphepete mwa phula, pamene magalimoto aakulu a katundu ndi maminibasi awapitirira pafupi ndithu, kotero kuti mphepo yake yokha ikhoza kumgwetsa munthu. Kholo lililonse limene linaperekapo njinga kwa mwana lidziŵa nkhaŵa imene tinenayi.

Tiyambe ndi kutali pang'ono. Dziko la France ndi limodzi mwa maiko amene njinga inakuliramo. Ku Paris ndiko kumene Pierre Michaux ndi anzake anayamba kupanga njinga zokhala ndi zopondera m'zaka za m'ma 1860, ndipo mpikisano wotchuka wa Tour de France unayamba m'chaka cha 1903. Koma pamene magalimoto anachuluka, wokwera njinga anasoŵa malo pa miseu ya kwao komwe. Tsono Afalansa anaganiza zompatulira njira zakezake. Anatenga njanji zakale zimene sitima zinaleka kuyendamo, nachotsa zitsulo, nasalaza bwino, naletsa galimoto kuloŵamo. Njira zotere azitcha "voies vertes", ndiko kunena kuti njira zobiriŵira, ndipo imodzi mwa zoyamba inatsegulidwa m'chaka cha 1997 pakati pa Givry ndi Cluny m'chigawo cha Bourgogne. Ilipo inanso yotsata mtsinje wa Loire, ya makilomita pafupifupi 900, imene mbali zina ili ya njinga zokha ndipo mbali zina itsata timiseu ta kumidzi topanda magalimoto ambiri. Alendo achokera ku maiko akutali, nalipira ndalama zambiri, kungofuna kupalasa pakati pa minda ya mphesa ndi ya tirigu popanda kumva hutala kumbuyo. Komanso lamulo lao liti woyendetsa galimoto, popitirira njinga kunja kwa tauni, asiye mpata wa mita imodzi ndi theka.

Kodi ife tilibe zotere? Tili nazo, ndipo sitinachite kupasula njanji kuti tizipeze. Njanji yathu ya ku Mchinji, imene inamalizidwa m'chaka cha 1980 ndi thandizo la dziko la Canada, ikadali njanji ndithu, ndipo mwana asayese kupalasa m'menemo. Chimene tili nacho ndicho miseu yafumbi yosaŵerengeka imene ipatuka pa phula, ina kuloŵera kumpoto ku Nsaru, kwa Kabudula mpaka ku Nambuma, ina kumwera cha ku Malingunde, kumene mapiri a Dzalanyama aonekera chapatali ngati mtambo wamvula. Achikulire akumbukira kuti yambiri mwa miseu imeneyi inalambulidwa ndi chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chinayamba m'chaka cha 1968 ndi ngongole ya ku World Bank. Cholinga chao chinali chakuti feteleza afike kwa mlimi ndi kuti chimanga, mtedza ndi fodya zituluke kupita ku msika. Sanaganize za okwera njinga, komatu ndife amene tapindula koposa, pakuti chigwa cha Lilongwe n'chathyathyathya, zitunda zake n'zofatsa, ndipo munthu akhoza kupalasa ora lathunthu osakumana ndi china chilichonse chamateyala koma ngolo ya ng'ombe.

Ubwino wa njira zimenezi suli pa chitetezo chokha. Wodzera pa phula maso ake onse ali pa galimoto, ndipo afika kumene apita osaona kanthu. Wodzera kumidzi aona zigafa za fodya, aona mmene mnzake wapangira mizere, aona madimba a m'dambo obiriŵira ndi mpiru m'nyengo ya chilimwe, napatsa moni anthu amene akanangowapitirira. Mnyamata wopalasa chotero aphunzira maina a midzi ndi a mafumu a dera lake, zimene sangaziphunzire m'kalasi. Aphunziranso ulemu wa pa njira: kuti pamene aona masamba ataikidwa pa mseu adziŵe kuti m'mudzimo muli maliro, atsike, nayende pansi akukankha njinga yake kufikira atapitirira, kuti asaimbire belu munthu wamkulu ali kale pambuyo pake penipeni, koma aimbe akali patali, nachepetse liŵiro. Taona ana a m'tauni odzacheza kwa agogo akulakwa pa zimenezi, ndipo mlandu wake ugwera makolo amene sanawauze.

Koma tisanamizane kuti njira zachetezi zilibe zovuta zake. Nyengo yabwino ndiyo kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, pamene mvula yatha, nthaka yauma koma sinasanduke fumbi lokhalokha, ngakhale mphepo ya mwera ilimbana nawe m'maŵa wa Juni ndi Julaye. Pofika Okotobala mchenga wachuluka m'malo otsika, tayala lakutsogolo lizama, ndipo wosazoloŵera agwa. M'dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale, dothi lakatondo limamatira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka njinga ikana kuyenda, ndipo timitsinje timene munthu adumpha m'chilimwe tisefukira pamwamba pa milatho yamitengo. Mwana auzidwe mosabisa kuti madzi akamayenda pamwamba pa mlatho, adikire kapena abwerere, ngakhale kutero kumchedwetse ku mayeso.

Chovuta chachiŵiri ndi chete yemweyo. Njira yopanda galimoto nthaŵi zina ikhalanso yopanda mboni. Mtsikana wopalasa yekha pakati pa minda ya chimanga chachitali m'mwezi wa Malichi, kapena aliyense wobwerera ku msika kutada ali ndi ndalama za fodya m'thumba, sali pabwino. Ife sitiona nzeru kumchotsa mwana pakamwa pa galimoto n'kukamuika pa njira ya yekha. Ana a mudzi umodzi anyamuke pamodzi, atatu kapena anayi, nabwerere pamodzi dzuŵa lisanaloŵe. Akulu anati liŵiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo pano mwambiwo ukwanira monga momwe ulili.

Chachitatu n'chatsopano. Njinga zamoto za kabaza, zimene zachuluka kwambiri m'zaka zapitazi, zatulukira njira zomwezi, ndipo zithamangamo ngati pa phula, zina zitanyamula anthu atatu. Sitiwada anyamataŵa, pakuti apezamo chakudya cha mabanja ao, ndipo odwala ambiri afika msanga ku chipatala cha kwa Kabudula kapena ku St Gabriel's ku Namitete chifukwa cha iwo. Koma pa ngodya yobisika ndi udzu wautali njinga yamoto ingotulukira mwadzidzidzi. Chifukwa chake ngakhale pa kanjira kafumbi wopalasa asunge dzanja lamanzere, monga lamulo la miseu ya m'Malaŵi linenera.

Chimene chitidetsa nkhaŵa koposa ndi chakuti tikuzidya tokha njira zimenezi. Chaka ndi chaka khasu liloŵerera mzere umodzi m'mseu, mlimi wa mbali iyi ndi wa mbali inayo, kufikira mseu umene lole inkadutsamo usanduka kanjira ka mbuzi. Ngalande zikwiririka, madzi ayenda pakati pa mseu nakumba chigwembe. Mitengo ya pa mlatho ikaola palibe woibwezera, ndipo ena afika pozula matabwa kukasandutsa nkhuni. Mlatho umodzi ukagwa, ana a midzi isanu abwerera ku phula. Izi si zodikira boma zonse. Nyakwaŵa ikaitana anthu tsiku limodzi mvula isanayambe, ngalande zitsegulidwa, ndipo malire a mseu adziŵika poyera pamaso pa onse.

Tsono kwa bambo kapena mayi amene mwana wao ayamba kupalasa kupita ku sekondale yoyendera, tipempha ichi: Loŵeruka lina musanamlole kuyenda yekha, pitani naye limodzi. Funsani anthu a m'njira kumene kuli kolambalala phula, pakuti safunsa anadya phula. Njira yafumbi ikatalikirapo ndi makilomita aŵiri kapena atatu, isankheni ndithu. Kusiyana kwake sikufika ndi theka la ora lomwe. Muonetseni nyumba imene angabisalepo mvula, ndi pamene pakhala wokonza njinga. Pamene afunika kuoloka mseu waukulu, atsike ndi kuoloka pansi.

Njingayonso iyang'anidwe. Mabuleki onse aŵiri agwire, tcheni chikhale ndi mafuta, belu lilire, ndipo kumbuyo kukhale chonyezimira chofiira. M'kachikwama muikemo pampu, zigamba, solushoni ndi sipanala, ndipo mwanayo, kaya ndi wamwamuna kaya wamkazi, aphunzire kumata chubu yekha pakhomo, pakuti minga ya m'njira za kumidzi siisankha. Njinga zolimba monga za Buffalo, zimene keliyala yake inapangidwa kuti inyamule makilogalamu 100, ziyenera miseu yathuyi, koma ndi Humber yakale ya agogo yomwe ikwanira ngati masipoko ake ali onse. Chishalo chitsitsidwe pa msinkhu wa mwanayo, kuti pakuima phazi lake lifike pansi.