Musamusambitse Kalulu

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero ndilankhula mosapsatira. Pali chizolowezi chimene chalowa m'nkhani zimene timalembera ana m'Chinyanja, ndipo ine ndikuchikana. Tikumutenga Kalulu, kumusambitsa, kumudzoza mafuta, n'kumusandutsa mwana wa kukwaya. M'tinkhani ta zithunzi timene timajambula tokha, tija pa Chipwitikizi amati banda desenhada, Kalulu wa masiku ano amagawa chakudya, amapepesa, ndipo pa tsamba lomaliza amauza ana kuti bodza ndi loipa. Ameneyo si Kalulu ayi. Ndi mphunzitsi amene wavala makutu aatali.

Kuno ku Chiuaula kanyama kameneka kali ndi mayina atatu m'kalasi imodzi. Mwana wa Chinyanja amati Kalulu, wa Chiyao amati Sungula, wa Chimakua amati Namarokolo. Afunseni kuti ndi wotani. Adzakuuzani kuti ndi wochenjera, wabodza, woseketsa. Palibe adzati ndi woyera mtima, koma onse amamukonda.

Tiyeni tikumbutsane zimene agogo ankatisimbira. Chilala chitavuta, nyama zonse zinakumba chitsime, Kalulu anakana. Kenaka ankabwera ndi uchi, kunyengerera mlonda kuti ayambe wamangidwa kaye ndipo alawe, iye n'kumwa madzi, n'kusambamonso. Pa nthawi ya njala anapangana ndi Fisi kuti aphe amayi awo. Fisi anaphadi, Kalulu anakabisa ake. Imeneyi ndi nkhanza, tisaipatse dzina lina.

Koma Kalulu yemweyo ndi amene anapulumutsa munthu uja anawonjola Kambuku mumsampha, Kambuku n'kufuna kumudya. Kalulu anadzipusitsa dala, nati sakumvetsa mlanduwo pokhapokha Kambuku atamuonetsa mmene anakodwera. Kambuku anabwereramo, ndipo anamusiya momwemo. Taonani: chifundo chake chinadzera m'bodza. Mukamuchotsera bodzalo, munthu uja wadyedwa.

Apa ndi pamene pagona luso, kwa inu amene mukufuna kujambula Kalulu wanu.

Choyamba, chida chake chikhale chimodzi. Nzeru imene amapwetekera Fisi ndi yomweyo imene amapulumutsira wofooka. Musajambule Kalulu awiri, wabwino pa tsamba ili ndi woipa pa tsamba linalo. Mwana aziwerenga mtima uli m'mwamba, osadziwa kuti lero nzeruyo igwera ndani.

Chachiwiri, nkhanza zake zikhale ndi gwero. Kalulu alibe nyanga, alibe mphamvu, ndipo amakhala pakati pa Mkango ndi Njovu. Mujambuleni wamng'ono kwenikweni, phazi la Njovu lidzaze theka la bokosi. Mwana amvetse chifukwa chake amanama, koma kumvetsa si kukhululuka.

Chachitatu, wopwetekedwa aoneke nkhope. Fisi akazindikira kuti amayi a Kalulu ali moyo, mupatseni bokosi lake lopanda mawu, atakhala yekha, mutu uli pansi. Ana amene amaseka pa tsamba lapitalo akhale chete. Ndipo musaiwale kuti pachitsime paja Kalulu anagwidwa ndi Kamba, wonyozeka, woyenda pang'onopang'ono. Ochenjera nawonso amakumana nazo.

Ndikudziwa zimene makolo ena munene: ana atengera. Nkhawa yanu ndikuilemekeza, ndipo inenso nthano ya amayi a Fisi sindingaipereke ku kalasi 1. Imeneyo idikire ana okulirapo. Koma tinene zoona. Agogo athu anasimba nthano zimenezi kwa mibadwo, pamoto, ana akuvomera, ndipo midzi sinadzaze ndi akuba. Ana omwewa lero amaonera Tom ndi Jerry pafoni, mphaka akuphwanyidwa ndi chitsulo, ife osadandaula. Bwanji mantha amatigwira pokhapokha nkhani ikakhala m'chilankhulo chathu?

Nthano za kalulu wochenjera zinawoloka nyanja pamodzi ndi anthu a ku Africa amene anagwidwa ukapolo, ndipo ku America zinasindikizidwa mu 1880, kaluluyo akutchedwa Brer Rabbit. Anthu oponderezedwa sakanasunga nthano za kanyama kaulemu kokhakokha. Anazisunga chifukwa zinkanena zoona: wopanda mphamvu amapulumukira nzeru, ndipo nzeru nthawi zina imaluma wosalakwa.

Tsono nachi chimene chikundiwawa. Chinyanja sichinalowe m'kalasi mophweka. Chinayesedwa ku Tete mu pulojekiti ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba m'sukulu zina za boma mu 2003. Makolo ambiri mpaka lero amakayika, amati mwana achedwa kudziwa Chipwitikizi. Ndiye ife, titapatsidwa malo amenewa, tiwadzaze ndi malangizo okhaokha? Samba m'manja, lemekeza akulu, usabe? Ngati kuseka, mantha ndi kudabwa mwana azipeza m'Chipwitikizi chokha, adzagamula yekha kuti chilankhulo cha amayi ake ndi chokalipira basi. Chilankhulo sichifa ndi lamulo lokha; chimafanso chikayamba kutopetsa.

Yesani izi sabata ino. Simbani nthano ya Kambuku, osaika phunziro kumapeto. Ingofunsani kuti: kodi Kalulu analakwa kusiya Kambuku mumsampha? Mudzaona mwana uja amangoti zii pa phunziro la Chipwitikizi akuimirira. Wina adzati Kambuku anali wosayamika, wina adzati njala ilibe ulemu, wina adzafunsa ngati Kambukuyo anali ndi ana. Mudzamva mawu ngati "komabe", "akanapanda", "ngakhale zili choncho" akutuluka m'kamwa mwa mwana wa zaka 9. Kumeneko ndiye kuganiza, ndipo mwana amene waphunzira kutsutsa m'Chinyanja adzatsutsanso m'Chipwitikizi. Kalulu wosambitsidwa sangabutse mtsutso wotere, chifukwa mlandu wake timakhala taugamula kale ife akuluakulu.

Ana athu adzakumana ndi anthu amene amathandiza ndi dzanja lamanja, lamanzere likulanda. Tsiku lina adzapezanso kakalulu kameneka m'mitima mwawo. Ndi bwino ayambe kukazindikira pa pepala. Musiyeni Kalulu ndi fumbi lake, ana amuweruze okha. Amene simukugwirizana nane, bwerani ndi nthano yanu tikambirane.